Nyumba ya Matayala ku Pittsburgh

Mzinda wa Pittsburgh uli chakumadzulo kwa chigawo cha Pennsylvania m'dziko la America, pamalo pamene mitsinje iwiri, Allegheny ndi Monongahela, imakumana ndi kubala mtsinje wachitatu wotchedwa Ohio. Akhristu ambiri a Sinodi yathu ya Blantyre dzina limeneli si lachilendo kwa iwo, pakuti kuyambira chaka cha 1991 pali ubale pakati pa Sinodi ino ndi Presbiteri ya Pittsburgh, ndipo mipingo ya mbali ziwirizi imalemberana makalata, kupemphererana ndi kuyenderana. Ife tidali m'gulu lina la alendo otere. Za misonkhano ndi mapemphero anzathu adafotokoza kale m'mipingo yao. Muno tifuna kusimba za mzindawo, ndiponso za nyumba ina yachilendo imene tidathandiza kukonza bedi lake.

Mzinda wa mitsinje itatu

Munthu wochokera ku bwalo la ndege amayamba waona zitunda ndi mitengo yokhayokha. Kenaka msewu umalowa m'phanga lalitali loboola phiri, lotchedwa Fort Pitt Tunnel, ndipo potulukira tsidya lina mzinda wonse umaoneka nthawi imodzi: nyumba zosanjikana, mitsinje ndi milatho. Milathoyo ndi yoposa 400, ndipo yambiri ya pakati pa mzinda adaipaka utoto wachikasu.

Adatcha malowa dzina ndi John Forbes, mkulu wa nkhondo wochokera ku Scotland, m'chaka cha 1758, polemekeza nduna ya ku England William Pitt. Pambuyo pake kudafika anthu ambiri a mtundu wa Chiskoti, ena ochokera ku Scotland komweko, ena odzera kumpoto kwa Ireland, atanyamula chipembedzo chao cha Chipresbiteri. Motero mipingo ya kumeneko ndi yathu kuno ili ngati ana a mimba imodzi, popeza amene adakhazikitsa Mishoni ya Blantyre mu 1876 adachokeranso ku Scotland.

Chuma cha mzindawu chidali chitsulo. Andrew Carnegie, mwana wa mmisiri woomba nsalu wa ku Dunfermline, adamanga kuno ng'anjo zazikulu zosungunulira chitsulo, ndipo pamene adagulitsa kampani yake mu 1901 adali mmodzi wa anthu olemera kopambana pa dziko lonse. Utsi udali wochuluka kotero kuti masiku ena nyali za m'misewu zinkayaka usana. Koma m'zaka za m'ma 1980 ng'anjo zambiri zidazima. Fakitale yotchuka ya Homestead idatsekedwa mu 1986, ndipo mabanja zikwizikwi adasowa pogwira. Mu 1950 mumzindamo mudali anthu oposa 670,000; pa kalembera wa 2020 adapezeka pafupifupi 303,000. Lero ambiri amagwira ntchito m'zipatala ndi m'sukulu za ukachenjede. Makolo tikumbuke kuti katemera woyamba wa poliyo adapangidwa mumzinda womwewu ndi Dr. Jonas Salk ndi anzake, nalengezedwa mu 1955.

Tisanachoke pakati pa mzinda adatikweza ngolo yokwera phiri yotchedwa Duquesne Incline, imene idayamba kuyenda mu 1877. Ngolozo ndi ziwiri, zomangidwa ku chingwe, ndipo ina ikamatsika inzake imakwera, kotero kuti kulemera kwa yotsikayo kumathandiza kukoka yokwerayo. Makina angowonjezera mphamvu yotsala. Nzeru imeneyi, yosenzetsa katundu ku mphamvu ina kuti dzanja lingomaliza, tidakaipezanso pansi pa bedi.

Mabasi achikasu

Mphunzitsi aliyense wa kwathu akafika ku America sangalephere kuima ndi kuyang'ana mabasi a ana a sukulu. Alipo pafupifupi theka la miliyoni m'dziko lonselo, ndipo mtundu wao ndi umodzi. Utoto wachikasuwo adaugwirizana pa msonkhano umene Dr. Frank Cyr adaitanitsa ku New York mu 1939, chifukwa umaoneka msanga m'bandakucha ndi m'chisisira. Basi ikaima kuti ana akwere, nyali zofiira zimaphethira ndipo chikwangwani choimitsa magalimoto chimatambasuka m'mbali mwake. Woyendetsa galimoto amene adutsa pamenepo alipira mlandu waukulu. Tidaganiza za ana athu a Sitandade 1 amene amadumpha msewu wa tala okha, mitima yathu nkulemera.

Mabasiwa akatumikira zaka khumi ndi mphambu amagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wotsika, ngakhale injini zao zikali zamphamvu. Ena amatumizidwa ku maiko a pakati pa America kukanyamula anthu. Ena amagulidwa ndi mabanja amene amazula mipando yonse ndi kumangamo nyumba. Nyumba yotere amaitcha skoolie. Wogula ayenera kuchotsa chikwangwani chija, nyali zofiira ndi malembo a sukulu, kuti oyenda pamsewu asasokonezeke.

Mkulu wa mpingo amene adatisunga, bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, adagwirapo ntchito m'fakitale ina ya zitsulo ali mnyamata. Mwana wao wamkazi ndi mkamwini wao, atatopa ndi lendi imene inkadya theka la malipiro ao, adagula basi yotere, naiimika kuseri kwa nyumba ya makolo kunja kwa mzinda. Loweruka lina, popanda msonkhano, bamboyo adatipempha kuti tikagwireko dzanja.

M'kati mwa nyumbayo

Basiyo ndi yaitali pafupifupi mamita 12, ndipo m'lifupi siifika mamita awiri ndi theka. Kale inkanyamula ana 72. Tsopano mukhala anthu anai. Kuseri kwa mpando wa dalaivala kuli pochezera. Kutsogolo pang'ono kuli khitchini ya mbaula ya gasi ndi mosambitsira mbale, kenaka kachipinda kosambira, kenaka timabedi tiwiri tosanjikana ta ana. Padenga pali masola opatsa magetsi. Kumbuyo kwenikweni kuli bedi la makolo, logona chopingasa, masentimita 190 m'litali ndi 140 m'lifupi.

M'nyumba yopapatiza chotere palibe malo ongokhala. Pansi pa bedi pali bokosi lakuya theka la mita, ndipo m'menemo ndimo muli nkhokwe ya banjalo: mabulangete, zovala za nyengo yozizira, zakudya za m'zitini ndi zipangizo. Thabwa logonapo adalimanga ndi mahinjesi cha ku khoma la kumbuyo, kuti lizitseguka ngati chivundikiro cha sutikesi.

Vuto lidali kulemera kwake. Mayi wa panyumbapo ankatukula thabwa ndi matiresi omwe ndi manja awiri, nalitsamiritsa paphewa, nachirikiza ndi mpini wa tsache. Tsiku lina mwana wao wamkazi wa zaka zinai adasuzumiramo kufuna chidole chake, nagunda mpiniwo. Mayiyo adatchinga ndi mkono, ndipo mkonowo udatupa sabata yathunthu. Pakadapanda mkonowo, thabwa likadagwera pakhosi pa mwana. Kuyambira tsiku limenelo agogo a mwanayo adaletsa kutsegula bedilo kufikira litakonzedwa.

Mchirikizo wa mpweya

Chida chimene adagula Azungu amachitcha gas strut. Awerengi athu adachionapo kale, pakuti ndi tizitsulo tiwiri tija timene timagwira chitseko cha kumbuyo cha minibasi kondakitala akamalongedza katundu. Ife muno tichitcha mchirikizo wa mpweya. Kampani ya Stabilus ya ku Koblenz ku Germany idayamba kupanga michirikizo yotere yambiri mu 1962, ndipo lero imapezeka pa magalimoto, pa mipando ya m'maofesi ndi pa mabedi a m'zipatala.

Mchirikizowo uli ndi zigawo ziwiri: chipaipi chakuda chotsekeka, ndi ndodo yonyezimira imene imalowa ndi kutuluka. M'chipaipimo adapoperamo mpweya wa nitrogen mothinikiza kwambiri, pamodzi ndi mafuta pang'ono. Nitrogen ndiye gawo lalikulu la mpweya umene timapuma, ndipo adamsankha chifukwa sayaka moto ndiponso sachititsa dzimbiri. Mpweya wopanikizikawo nthawi zonse umakankhira ndodo kunja. Ndodo ikalowa, malo a mpweya amachepa, ndipo kukankhako kumakula. Mafuta aja ntchito yao ndi kufewetsa mphira yotsekera pakamwa pa chipaipi ndi kuchepetsa liwiro la ndodo ikamafika kumapeto.

Pa chipaipi chilichonse pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo N, kutanthauza manyutoni, muyeso wa mphamvu wotchedwa ndi dzina la Isaac Newton. Mwachidule, manyutoni 10 ali ngati kulemera kwa kilogalamu imodzi. Nambalayo imanena mphamvu ya mchirikizo ndodo ili pafupi kutuluka yonse. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wina amaganiza kuti bedi la makilogalamu 40 lifuna michirikizo iwiri ya makilogalamu 20 uliwonse. Koma iai, pakuti michirikizoyo imagwira pafupi ndi mahinjesi, ndipo aliyense amene adayesapo kukankha chitseko pafupi ndi mphuthu yake adziwa kuti pamenepo pafunika mphamvu yochuluka.

Masamu a pansi pa bedi

Bambo wachikulire uja adatenga sikelo yoyezera anthu, naiika pachitsa, natsamiritsapo mlomo wa bedi, ndiye kuti mbali yotukulira. Sikelo idawerenga makilogalamu 20. Theka lina la kulemerako lidali pa mahinjesi. Atamva kuti pakati pathu pali mphunzitsi, adatipatsa pensulo ndi chidutswa cha thabwa kuti tiwerengere.

Lamulo lake ndi lomwe lija timaphunzitsa ndi katungwe wa thabwa lopingasa pachipika: kulemera kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa chipikacho. Makilogalamu 20 kuchulukitsa ndi masentimita 140 ndi 2,800. Imeneyo ndiyo mphamvu yogwetsa bedi likakhala chogona. Malo amene adasankhira mchirikizo adali oti mzere wake udutse masentimita 20 kuchokera pa mahinjesi. Tikagawa 2,800 ndi 20 tipeza 140. Tsono kuti bedi liime palokha lisanatukulidwe nkomwe, pafunika makilogalamu 140, ndiye kuti 70 mbali iliyonse.

Koma bedi lotseguka lokha silifunika, makamaka m'nyumba yoyenda pa mabampu. Chifukwa chake adasankha michirikizo ya 500 N, imene imakankha ngati makilogalamu 50 ikatambasuka, ndi pafupifupi 60 ikapanikizika. Iwiri pamodzi ndi 120; kuchulukitsa ndi 20 ndi 2,400. Kuchotsa pa 2,800 patsala 400, ndipo 400 kugawa ndi 140 ndi pafupifupi makilogalamu atatu. Mayi amene ankasenza makilogalamu 20 tsopano asenza kulemera kwa mapaketi atatu a shuga.

Nanga bedi likatseguka lidzaima? Likakwera madigiri 60, kulemera kwake kumasendera kufupi ndi mahinjesi, ndipo mphamvu yogwetsa imatsika ndi theka kufika 1,400. Pamenepo michirikizo imakankha makilogalamu 100, ndipo mzere wake udutsa masentimita 18 kuchokera pa mahinjesi. Zimenezi zipereka 1,800, kupambana 1,400. Bedi liima.

Mkamwini adafunsa za chisanu, ndipo lidali funso lanzeru. Mpweya ukazizira mphamvu yake imachepa, pafupifupi magawo atatu ndi theka pa 100 alionse kukazizira ndi madigiri 10. Opanga amayeza pa madigiri 20, koma ku Pittsburgh mwezi wa January kumatha kuzizira kufika madigiri 10 pansi pa ziro. Pamenepo mchirikizo utaya gawo limodzi la magawo khumi, ndipo 1,800 uja atsika kufika 1,620. Akali pamwamba pa 1,400. Ife tidawonjeza kuti basiyo ikadzafika ku Nsanje mwezi wa October, 2,400 uja adzakwera kufupi ndi 2,570, koma bedi lidzakhalabe chogona. Adaseka, nafunsa ngati kuli mlatho wochokera ku America kufika ku Nsanje.

Kumanga kwake

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bamboyo sadalole kuboola bowo ngakhale limodzi asanayese. Mchirikizo wao udali masentimita 60 utatambasuka ndi 35 utapanikizika. Adadula timitengo tiwiri ta miyeso imeneyo, nayeza pa malo amene adalemba ndi pensulo: pamwamba, masentimita 22 kuchokera pa mahinjesi, pansi, m'mbali mwa bokosi, masentimita 35 kutsika ndi 35 kubwera kutsogolo. Bedi litatseguka, kamtengo kakatali kadakwana ndendende. Litatsekeka, mpata udali masentimita 38, kutsala atatu. Mpata wotsalawo ndi wofunika, pakuti ndodo ikagunda kumapeto bedi lisanakhale pansi, munthu pogonapo azula mabulaketi kapena kupinda ndodoyo.

Chachiwiri adalimbitsa mahinjesi. Mphamvu ya makilogalamu 120 ikankha usana ndi usiku, ndipo masikuluwu ang'onoang'ono olowa m'mphepete mwa pulayiwudi sachedwa kusolomoka. Adachotsa onse, naika mabawuti obowoleza thabwa lonse, okhala ndi mawashala ndi manati kuseri. Pamene pakhala mabulaketi adamatapo matabwa olimba owonjezera.

Pomanga penipeni, awiri a ife tidagwira bedi lili chotseguka, ndipo pansi pake adachirikiza ndi mtanda wokhuthala. Mchirikizo wa 500 N sungapanikizidwe ndi manja, kotero umamangidwa uli wotambasuka. Bulaketi iliyonse ili ndi kamutu kobulungira, ndipo nsonga ya mchirikizo ili ndi kachikho kamene kamavala kamutuko ndi kugwidwa ndi kachitsulo kopindika. Ukakanikiza umangomva kuti thwa, walowa. Chipaipi adachiika pamwamba, ndodo kuloza pansi, kuti mafuta azikhala pa mphira ija ndipo isaume ndi kutulutsa mpweya. Mbali zonse ziwiri adayeza mofanana, pakuti mbali imodzi ikasiyana ngakhale ndi sentimita, bedi limapotoka ndipo mahinjesi amadyeka.

Atachotsa mtanda, bedi lidaima lokha. Mayi uja adalikoka ndi dzanja limodzi, lidatsika pang'onopang'ono, nkukhala pansi mwakachetechete. Adalitukulanso ndi zala zitatu. Agogo sadakhutire msanga. Adamanga lamba wogwira matiresi kuti asatsetsereke, adaika loko woti bedi lisadumphe basi ikamayenda, ndipo adasiya ndodo yachitsulo yochirikizira pamene munthu afuna kulowetsa mutu ndi mapewa m'bokosimo. Adati mchirikizo wa mpweya umakalamba mosaonetsa: mpweya umathawa pang'onopang'ono pa zaka, ndipo tsiku limene ulephera sulengeza. Umodzi ukafooka asinthe yonse iwiri. Wakalewo asauboole, asaudule, asauponye pamoto, chifukwa ungaphulike.

Chenjezo limeneli likhudzanso ife. Kangati taona chitseko cha minibasi chochirikizidwa ndi mtengo kapena ndi mutu wa kondakitala, amayi ali pansi pake kutulutsa madengu? Eni magalimoto amene muli Akhristu, mtengo wa tizitsulo tiwiriti sungafanane ndi mutu wa munthu.

Zimene tidatolapo

Sitikuuza achinyamata athu kuti akafune mabasi akufa ndi kusamukiramo. Nyumba ya matayala ili ndi zosowa zake. Ilibe bwalo, ilibe dimba, ilibe khonde lolandirirapo alendo. Mkulu wa mpingo uja adatiuza nkhawa yake poyera: banja loyendayenda lidzapemphera kuti, ndipo ana adzalowa kalasi ya mpingo uti? Mwana amaleredwa ndi mudzi, ndipo Mkhristu amakula pakati pa anthu omdziwa dzina, amene angamdzudzule ndi kumtonthoza. Banjalo lidalonjeza kuti miyezi ya sukulu lizikhala pamalo amodzi. Tiwakumbuke m'mapemphero.

Komabe pali zitatu zimene tingatengeko. Choyamba ndi kusataya chinthu chimene chikali ndi ntchito. Anthu a dziko lolemera adaona nyumba m'basi yotha, pamene ife timasiya zitsulo ndi matabwa abwino kuolera kuseri kwa nyumba, nkumadandaula za kusowa.

Chachiwiri ndi cha ana a sukulu. Kawirikawiri mumafunsa kuti kuchulukitsa ndi kugawa mudzadya nako chiyani. Tsiku lija masamu a pulayimale ndiwo adasankha chitsulo choteteza khosi la mwana. Mmisiri wodziwa kuwerengera amagula kamodzi. Wongoyerekeza amagula kawiri, mwinanso amakathera kuchipatala. Ndipo makolo, tisanyoze mwana amene mtima wake uli pa ukalipentala kapena umakanika. Mpulumutsi wathu adakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Bambo uja fakitale yake idatsekedwa, koma luso la m'manja mwake palibe adalitseka, ndipo lero likutumikira zidzukulu zake.

Chachitatu ndi cha m'banja ndi mumpingo. Michirikizo ija imagwira ntchito iwiriiwiri, yofanana mphamvu, ndipo umodzi ukasiyira unzake katundu chinthu chonse chimapotoka. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga. Komanso taonani kuti michirikizoyo siichotsa katundu yense. Imasiyira dzanja makilogalamu ake atatu. Pa mapemphero a madzulo ano werengani Agalatiya 6, ndime 2 ndi ndime 5, ndipo mukambirane ndi ana anu m'mene ndime ziwirizo zigwirizanirana. Pambuyo pake bambo aliyense ayendere nyumba yake ndi nyali, aone chitseko cholendewera, chivundikiro cha chitsime, khoma la bafa long'aluka ndi mtanda wodyeka ndi chiswe, ndipo chimene chili chochirikizidwa ndi mpini wa tsache achikonze mwana asanachigunde.